M'mene Aphungu a ku Ulaya Anasanthulira Cikonzero ca Kufufuza Nzeru Zatsopano

Pa 30 November, 2011, mu mzinda wa Brussels, m'dziko la Belgium, munatuluka mpukutu wa makalata opempha ndalama zambiri ndithu. Makalatawo anati maiko 27 a ku Ulaya, amene anali pa cigwirizano cochedwa European Union, apatule ndalama zochedwa euro zokwana 80 biliyoni, kuti pa zaka 7, kuyambira 2014 kufikira 2020, zilipire nchito ya kufufuza nzeru zatsopano za mankhwala, za ulimi, za magetsi ndi za makina. Biliyoni imodzi ndiyo mamiliyoni 1,000. Cikonzero cimeneci anacicha dzina lakuti Horizon 2020, ndipo amene anacionetsa kwa anthu ndiwo Mai Máire Geoghegan-Quinn a ku Ireland, amene pa nthawiyo anali kuyang'anira za kufufuza m'cigwirizanoco.

Koma anthu amene analemba makalatawo sanasankhidwe ndi voti ya anthu wamba, ndipo ndalama zimene anapempha zinali za okhoma msonkho. Cifukwa cace cikonzeroco sicinasanduke lamulo tsiku lomwelo. Cinayenda zaka ziwiri m'manja mwa aphungu a Nyumba za Malamulo, amene anaciwerenga, nafunsa mafunso, nasintha mau ena, nakangana ndi nduna za maboma pa za ndalama. Nkhani ino ifotokoza ulendo umenewo, pakuti uonetsa bwino nchito ina ya phungu imene siimveka kawiri kawiri, ndiyo kusanthula pangano la maiko ambiri lisanamangidwe, nthawi ikadalipo yakuti mau ace asinthe kanthu.

CIFUKWA CACE MAIKO ASONKHERANA

Kufufuza nzeru za sayansi kudya ndalama zambiri. Makina ena oyesera zinthu ali a mtengo wakuti dziko limodzi laling'ono silingathe kuwagula. Nthenda zina zigwira anthu ocepa m'dziko liri lonse, kotero kuti madokotala sangayese mankhwala bwino akapanda kusonkhanitsa odwala a m'maiko angapo. Cifukwa ca ici maiko a ku Ulaya anayamba m'caka ca 1984 kuika ndalama za kufufuza m'thumba limodzi, nakonza nchitoyo mwa zigawo za zaka zingapo. Cigawo cacisanu ndi ciwiri, ca 2007 kufikira 2013, cinali ndi ndalama zoposa 50 biliyoni, ndipo Horizon 2020 ndico cinali cacisanu ndi citatu. Akatswiri a m'mayunivesite ndi a m'makampani amalemba zimene afuna kufufuza, napikisana, ndipo akatswiri anzao ndiwo amasankha mapempho opambana. Mpikisanowo uli wolimba: pa Horizon 2020, mwa mapempho 8 ali onse, monga limodzi lokha ndilo linalandira ndalama.

Thumba lotere liri ndi ngozi yace. Ndalama zituluka m'dziko, nizikagawidwa kutali ndi maso a eni ace. Phindu lace licedwa, pakuti mankhwala amene ayamba kufufuzidwa caka cino angafike ku cipatala zitapita zaka 10 kapena kuposa. Ndiponso mau a sayansi ali obvuta, kotero kuti nkwapafupi kwa phungu kusiya zonse m'manja mwa akatswiri. Koma m'cikonzero cotere muli mafunso ena amene sali a sayansi konse. Ndalama zikhale zingati, ndipo zicotsedwe ku nchito iti? Adzapindula ndani, ndipo adzatsalira ndani? Kodi pali zinthu zimene siziyenera kufufuzidwa ndi ndalama za msonkho? Mafunso amenewa katswiri alibe ulamuliro wa kuwayankha yekha. Ali a eni ndalama, ndipo phungu ndiye wowalankhulira.

ZIPATA ZIWIRI

Cigwirizano ca ku Ulaya ciri ndi mabungwe atatu amene akonza malamulo ace. Loyamba lichedwa Commission. Ndilo lilemba zikonzero, koma liribe mphamvu ya kuzisandutsa lamulo. Laciwiri ndilo Bwalo la Nduna, kumene dziko liri lonse litumiza nduna yace. Lacitatu ndilo Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya, imene ikumana ku Strasbourg m'dziko la France ndi ku Brussels, ndipo aphungu ace asankhidwa ndi anthu a m'maiko onsewo kuyambira caka ca 1979. Poyamba Nyumba imeneyi inali kungopereka malangizo pa za kufufuza, ndipo nduna zinali ndi ufulu wa kuwakana. Pangano la Maastricht, limene linayamba kugwira nchito m'1993, linasintha zimenezi. Kuyambira pamenepo cikonzero ca kufufuza sicikhala lamulo kufikira nduna ndi aphungu atabvomerezana pa mau amodzimodzi.

Tsono cikonzero ca Horizon 2020 cinayenera kupyola zipata ziwiri. Cipata coyamba ciri m'dziko liri lonse, kumene aphungu a kwao afunsa nduna yao cimene ikanene ku Bwalo la Nduna. Caciwiri ndico Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya, imene isanthula mau eni eni a lamulolo.

CIPATA CA KWAO: CITSANZO CA BRITAIN

Dziko la Britain linalowa m'cigwirizanoco pa 1 January, 1973, ndipo aphungu ace anaona msanga bvuto. Nduna ikabvomera lamulo ku Brussels, lamulolo linali kugwira anthu a ku Britain ngakhale aphungu ao sanaliwerenge. Kotero m'1974 mbali zonse ziwiri za Nyumba ya Malamulo ya ku London, House of Commons ya aphungu osankhidwa ndi House of Lords, zinakhazikitsa makomiti a kusanthula makalata ocokera ku Brussels.

Komiti ya House of Commons, imene kuyambira 1998 inachedwa European Scrutiny Committee, inali ndi aphungu 16 a zipani zosiyana, ndipo inalandira makalata monga 1,000 pa caka. Kalata ikafika, Boma linali ndi masiku 10 a nchito kuti litumize kalata ina yofotokoza, yosainidwa ndi nduna, yonena cimene cikonzeroco citanthauza, ndalama zimene cidzadya, malamulo a dziko amene cidzakhudza, ndi maganizo a Boma. Komiti siinali kuweruza ngati cikonzero ciri cabwino kapena coipa. Inali kupeta, monga apetera mphale: zopepuka inazilola kupita, zina inazigwira nilembera nduna mafunso ena, ndipo zolemera koposa inazitumiza kuti aphungu akazikambirane poyera.

Mphamvu ya komitiyo inagona pa cigamulo cimodzi cimene aphungu anapanga m'1980, nacilimbitsa m'1990 ndi m'1998. Cigamuloco cinati nduna isabvomere cikonzero ku Brussels pamene komiti siinathe kucisanthula, kapena pamene mkangano umene komiti inapempha sunacitike. Nduna inaloledwa kupyola cigamuloco pa zifukwa zapadera, koma ikatero inayenera kudzafotokoza msanga. Makalata a Horizon 2020 anadzera njira yomweyi, ndipo nduna imene inali kuyang'anira za sayansi ndi mayunivesite pa zaka zimenezo, kuyambira 2010 kufikira 2014, inali Bambo David Willetts.

House of Lords inatsata njira ina. M'malo mwa kupeta makalata onse ndi kulekera pomwepo, komiti yace inasankha nkhani zocepa, niitana mboni, nifunsa mozama kwa miyezi. M'April 2013 inatulutsa lipoti lofunsa ngati zikonzero za ku Ulaya za kufufuza zigwiradi nchito yace. Limodzi la madandaulo amene linanena ndilo lakuti mapepala ofunika popempha ndalama anali oculuka ndi obvuta, kotero kuti makampani ang'ono ang'ono anali kugwa ulesi. Lipoti lotere silimanga Boma, koma Boma liyenera kuliyankha polemba, ndipo yankho lolembedwa likhala umboni wa mawa.

Maiko ena anamanga nduna zao kolimba koposa. Ku Denmark nduna isanapite ku Brussels pa nkhani yaikuru iyenera kukaonekera pamaso pa komiti ya Nyumba ya Malamulo, yochedwa Folketing, ndi kunena pamene idzaimirira. Ngati zipani zokhala ndi aphungu oculuka zikana, nduna ibwerera kukakonza maganizo ena. Ndiponso pangano la Lisbon la 2009 linapatsa Nyumba za Malamulo za maiko onse masabata 8 a kudandaula ngati ziona kuti cikonzero cilowerera nchito imene dziko lingathe kucita lokha. Limodzi la magawo atatu a Nyumbazo likadandaula, Commission iyenera kuganizanso. Cenjezo limeneli linaperekedwa m'2012, m'2013 ndi m'2016 pa nkhani zina, koma pa Horizon 2020 silinaperekedwe.

CIPATA CACIWIRI: MAU A LAMULO

M'Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya cikonzeroco cinapita ku komiti yoyang'anira za mafakitale, za kufufuza ndi za magetsi. Mwambo wa kumeneko ndi wakuti komiti isankha phungu mmodzi kuti asenze kalata iri yonse: aiwerenge mau ndi mau, amve mboni, asonkhanitse zosintha zimene anzace afuna, ndi kukaimirira Nyumba yonse pokambirana ndi nduna. Lamulo lalikuru la Horizon 2020 anasenza ndiwo Mai Teresa Riera Madurell a ku Spain. Tsatane-tsatane wa nchito zofufuza anasenza Mai Maria da Graça Carvalho a ku Portugal, amene kale anali nduna ya sayansi kwao. Malamulo a kapemphedwe ndi kalipiridwe ka ndalama anasenza Bambo Christian Ehler a ku Germany. Komiti inaponya voti m'November 2012, ndipo zokambirana ndi nduna zinafika pa cimvano pakati pa 2013, pamene dziko la Ireland linali kutsogolera Bwalo la Nduna.

Zimene zinasinthika pa nthawi imeneyi zingawerengedwe. Coyamba cinali ca maiko otsalira. Pa cigawo ca 2007 kufikira 2013, maiko 13 amene analowa m'cigwirizanoco mocedwa, ambiri a kum'mawa kwa Ulaya, analandira zosakwana 5 mwa 100 za ndalama zonse, cinkana anthu ao anali kukhoma msonkho monga anzao. Mpikisano wosankha opambana okha upereka kwa iye amene ali nazo kale. Aphungu anaumirira kuti pakhale thumba lapadera la kukweza mayunivesite a m'maiko amenewa ndi kuwagwirizanitsa ndi otsogola, ndipo linapatsidwa ndalama zoposa 800 miliyoni. Linali laling'ono, monga 1 mwa 100 ya zonse, koma m'cikonzero coyamba cija munalibe thumba lotere loima palokha.

Caciwiri cinali ca makampani ang'ono. Commission inaganiza kuti alandire 15 mwa 100 ya ndalama za mbali zina zazikuru za cikonzeroco, ndipo lamulo linatha ndi 20 mwa 100. Cacitatu cinali ca nthawi. Pa cigawo capitaco wopempha anali kudikira pafupi caka cathunthu asanasaine pangano, ndipo kampani yaing'ono ingafe pa caka cimodzi. Lamulo latsopano linaika malire a miyezi 8: isanu ya kuweruza mapempho, itatu ya kusaina. Cacinai, aphungu anapambana pa kuti 85 mwa 100 ya ndalama za kufufuza za magetsi ndi mphamvu zipite ku njira zosadalira malasha, mafuta kapena gasi.

Panalinso malire a cikumbumtima. Lamulolo linati ndalamazi zikhale za nchito za mtendere, si za nkhondo iai. Linakanizanso kulipira nchito zitatu: kupanga munthu wofanana ndendende ndi mnzace, kusintha cibadwa ca munthu mwa njira yakuti kusinthako kupitirire kwa ana ace, ndi kupanga mluza wa munthu ndi colinga ca kuufufuza cabe. Malire amenewa anacokera ku mikangano yaikuru ya aphungu ndi nduna ya zaka zam'mbuyo, makamaka ya 2006, ndipo anasungidwa monga analiri. Pa nkhani yotere palibe makina oyesera amene angapereke yankho, ndico cifukwa cace inagamulidwa ndi voti.

Koma aphungu sanapambane pa zonse. Bambo Ehler anafuna kuti mabungwe okhala ndi makina a mtengo wapatali aloledwe kuwerengera ndalama zeni zeni zimene aononga posamala nyumba ndi makinawo. Nduna ndi Commission zinakana, nizinena kuti njira imodzi ya onse ndiyo yosabvuta. Lamulo linaika 25 mwa 100 pamwamba pa ndalama za nchito kwa ali yense.

MKANGANO WA THUMBA

Nkhondo yaikuru koposa inali ya kukula kwa thumba. Aphungu anafuna 100 biliyoni. Koma zaka zimenezo zinali za mabvuto a cuma ku Ulaya, ndipo maboma angapo, pamodzi ndi la Britain, anafuna kucepetsa ndalama zonse za cigwirizanoco. M'October 2012 akatswiri oposa 40 amene analandira mphoto ya Nobel analemba kalata yapoyera kucenjeza atsogoleri kuti asadule ndalama za kufufuza. M'February 2013 atsogoleri a maiko anakumana ku Brussels, namvana kuti ndalama zonse za zaka 7 zikhale 960 biliyoni, kamene kanali koyamba kuti zicepe poyerekeza ndi cigawo capitaco. Mwezi wotsatira aphungu oculuka anakana cimvanoco monga cinaliri, napempha kukambirana.

Apa mphamvu yao inaoneka malire ace. Pa thumba lalikuru la zaka 7 aphungu angabvomere kapena kukana, koma sangasinthe ciwerengero okha. Anapindula zina, monga kuti ndalama zotsala caka cina zisataike, ndi kuti thumbalo liunikidwenso pakati pa njira, koma ciwerengero cinakhala ca atsogoleri. Horizon 2020 inatsika kucoka pa 80 kufika monga pa 70 biliyoni, poyesa ndi mtengo wa ndalama wa 2011, ndiyo monga 77 biliyoni poyesa ndi mitengo ya zaka zimene ndalamazo zinagwira nchito. Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulolo pa 21 November, 2013, nduna zinabvomereza m'December, ndipo nchito inayamba pa 1 January, 2014.

Kusanthula sikunathere pamenepo, pakuti munda wobzalidwa ufuna mlonda. Kumayambiriro kwa 2015 Commission yatsopano, yotsogoleredwa ndi Bambo Jean-Claude Juncker, inafuna kutapa 2.7 biliyoni m'thumba la Horizon 2020 kuti zikhale cikole ca ngongole za nchito zina za cuma. Mayunivesite anadandaula, ndipo aphungu anakaniza kwa miyezi ingapo. Pomariza zinatapidwa 2.2 biliyoni, ndipo mathumba atatu sanakhudzidwe: la akatswiri ofufuza nzeru zoyambira, la maphunziro a ofufuza acinyamata, ndi lija la maiko otsalira. Pa cigawo cotsatira, cochedwa Horizon Europe, ca 2021 kufikira 2027, zinabwerezanso. Aphungu anapempha 120 biliyoni, atsogoleri anadula m'July 2020, aphungu anabwezetsa 4 biliyoni m'November, ndipo thumba linatha ndi 95.5 biliyoni.

PAMENE PALI POFOOKA

Njira imeneyi iri ndi ming'alu yace, ndipo nkwabwino kuichula. Cimvano ceni ceni ca lamulo cimapangidwa kawiri kawiri m'misonkhano ya anthu ocepa a mabungwe atatu aja, zitseko ziri zotseka. Aphungu a m'maiko amasanthula kalata yoyamba, koma mau amene nduna idzabvomere pomariza angakhale atasinthika kwambiri m'misonkhano imeneyo. Komiti imene ilandira makalata 1,000 pa caka singawerenge onse ndi mtima umodzi. Ndipo nduna imene ipyola cigamulo ca kudikira silandira cilango cina koma manyazi a kudzafotokoza.

Mbiri ya Britain ionetsa cimene citaika pamene cipata citsekedwa. Bungwe la akatswiri la Royal Society linawerengera kuti kuyambira 2007 kufikira 2013 dzikolo linalandira 8.8 biliyoni za kufufuza kucokera ku cigwirizanoco, pamene gawo limene linaperekako linali monga 5.4 biliyoni. M'June 2016 anthu a ku Britain anasankha kutuluka, natulukadi pa 31 January, 2020. Pangano la ubale watsopano, la masamba oposa 1,200, linamalizidwa pa 24 December, 2020, ndipo aphungu a ku London anapatsidwa tsiku limodzi, la 30 December, kuti abvomereze lamulo lace. M'panganomo munali lonjezo lakuti Britain idzalowa m'Horizon Europe monga mlendo wolipira, koma mkangano wina wa za malonda a Northern Ireland unaimitsa lonjezolo zaka zoposa ziwiri, ndipo akatswiri ena amene anapambana mpikisano anataya ndalama za ku Ulaya kapena kusamukira kunja.

Cimvano cinapezeka pa 7 September, 2023, ndipo Britain inalowa pa 1 January, 2024, nilonjeza kulipira zoposa 2 biliyoni pa caka. Koma inalowa m'cikonzero cimene malamulo ace anakonzedwa kale, popanda phungu wace ku Strasbourg kapena nduna yace ku Bwalo la Nduna. M'caka comweco ca 2024 House of Commons inathetsa komiti yace ija ya kusanthula, itagwira nchito zaka 50.

KUMENE NDALAMAZO ZINAFIKA

Wina angafunse kuti mikangano ya ku Strasbourg iri ndi kanthu kanji kwa munthu wa ku Lusaka kapena wa ku Rumphi. Yankho liri m'lamulo lina laling'ono limene linadzera zipata zomwezi. M'2003 aphungu ndi nduna za ku Ulaya anabvomereza 200 miliyoni za bungwe lochedwa EDCTP, la kuyesa mankhwala a Edzi, a cifuwa cacikuru ndi a malungo m'maiko a mu Africa, pamodzi ndi madokotala a komweko. Maofesi ace anaikidwa ku The Hague ndi ku Cape Town, ndipo Dr Pascoal Mocumbi, amene anali nduna yaikuru ya Mozambique kufikira 2004, anakhala kazembe wace.

Pa nthawiyo ana okhala ndi kacirombo ka Edzi anali kumwa mankhwala amadzi obvuta kusunga ndi kuyesa, kapena zidutswa za mibulu ya akuru. Ndi ndalama za bungweli, madokotala a pa cipatala cacikuru ca University Teaching Hospital ku Lusaka anayesa timibulu ta ana, tokhala ndi mankhwala atatu m'kambulu kamodzi, topangidwa ndi kampani ya Cipla ya ku India. M'2007 bungwe loyang'anira mankhwala la ku America linatibvomereza, ndipo tinayamba kugawidwa m'maiko ambiri.

M'2014 aphungu ndi nduna anabvomereza cigawo caciwiri ca EDCTP, ca 683 miliyoni zocokera m'thumba la Horizon 2020, ndipo lamulo latsopanoli linaonjezera nthenda zina za osauka zimene zinali kuiwalika. Imodzi ya izo ndiyo kaodzera, imene ifalitsidwa ndi nchenche za kashembe. Kwa zaka zambiri wodwala amene nthendayo inamfika ku ubongo anali kubayidwa mankhwala ochedwa melarsoprol, okhala ndi ululu woopsya, amene anali kupha monga wodwala mmodzi mwa 20. Kuyambira 2019 mibulu yochedwa fexinidazole, yomwa masiku 10 pamodzi ndi cakudya, inayesedwa ku Rumphi m'dziko la Malawi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda. M'December 2023 bungwe loyang'anira mankhwala la ku Ulaya linagamula kuti mibuluyo iyenera pa mtundu wa kaodzera wa kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Aphungu amene anaponya voti m'2014 sanadziwe dzina la wodwala ali yense wa ku Rumphi, koma mau ocepa a m'lamulo limene anabvomereza ndiwo anatsegulira njira ndalama zimenezo.

Aphungu a mu Africa alibe voti pa zipata za ku Ulaya, koma ali naco cipata ca kwao. Kuyambira 2014 maiko a mu Africa, monga Zambia, Mozambique ndi South Africa, analoledwa kukhala mamembala a EDCTP okhala ndi voti, ndipo nthumwi imene ipita ku misonkhano yotere iri pansi pa nduna imene Nyumba ya Malamulo ingaitane. Mafunso a kuifunsa ali omwe aja. Nthenda zoyamba kufufuzidwa asankha ndani? Mankhwala akapezeka, kodi anthu amene anayesedwa adzatha kuwagula? Madokotala ophunzitsidwa adzapeza nchito kwao? Ndipo dziko leni leni liikapo zingati? M'2007 atsogoleri a African Union anapempha maiko ao kuti apatule 1 mwa 100 ya cuma ca dziko ku nchito ya kufufuza, ndipo maiko ambiri sanafikepo.

Akuru anati mmera mpoyamba. Zonse zimene aphungu a ku Ulaya anasintha m'Horizon 2020, thumba la maiko otsalira, miyezi 8, gawo la makampani ang'ono, anazisintha pa zaka ziwiri zija pamene mau anali asanaume. Pa 16 July, 2025, Commission inatulutsa mpukutu wina, wopempha 175 biliyoni za kufufuza za 2028 kufikira 2034. Umenewonso sungakhale lamulo usanapyole zipata ziwiri zija, ndipo monga zinacitikira m'2013 ndi m'2020, ciwerengero ndi mau ace adzayamba kudziwika bwino aphungu ndi nduna atatha kukangana.